Zaka 3 tikupanga mabedi a agalu, ena omwe ankatiseka pano akuoda okha

Mwezi uno takwanitsa zaka 3 chiyambireni kupanga mabedi ndi makola a agalu, nde ndati ndilembeko pang'ono poti ambiri mumangoona zithunzi za katundu koma komwe tachokera simukudziwa.

Anayambitsa zonsezi ndi galu wathu wakale uja, chigalu chachikulu chomwe moyo wake onse chinkagona pasimenti pakhonde. Atakalamba tinaona kuti ubweya wa m'zigongono wathothoka, khungu lauma gwaa, ndipo m'mawa kuti adzuke inali ntchito, amayamba wakhala kaye ngati akuganiza. Dokotala wa ziweto atamuona anati ndi nyamakazi, kenako anangondifunsa kuti kodi amagona pati? Manyazi anandigwira abale. Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku, tiana timafika mpaka 18, ndiye kuti wathuyu theka la moyo wake analithera pasimenti yozizira ife tili pa matilesi. Amuna anga ndi kalipentala, ine ndimasoka, tinangokhoma kafelemu ka miyendo 4, nkukunga nsalu yolimba ya tenti pamwamba, nkuyikapo kakushoni. Tsiku loyamba anangonunkhiza nkuchokapo. Lachitatu anazungulira kawiri nkugona, mpaka nkonono.

Anzathu akabwera ankati tipangireniko, bizinesi inayamba choncho basi.

Mpamba unali wovuta. Tinapita ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, bambo amene tinawapezawo anandifunsa kawiri kuti mabedi a chani, kenako anaitana mnzawo kuti adzamve nawo, nkuseka onse. Akuti galu ndi galu amagona paliponse. Sinditchula dzina, koma ngati mukuwerenga bwana, mkazi wa mnzanu uja anaoda awiri chaka chatha ndipo analipira bwinobwino.

Koma zomwe zinatsala pang'ono kutigwetsa zinachitika chaka chachiwiri. Tinapeza oda yayikulu, ndiye munthu yemwe ankatigulitsa siponji ndi nsalu anationetsa sampulo yabwino, yolimba, titalipira nkutibweretsera zina zofewa ngati thonje, ife ndi changu sitinayang'anitsitse. Ndipo apa ndivomere, vuto lina linali langa, ndinasoka makushoni onse motsekeratu opanda zipi kuti ndipulumutse ndalama. Miyezi 2 isanathe foni inayamba kulira. Uyu akuti siponji yaphwa galu akukhudza thabwa, uyu akuti kushoni ikununkha nde ndichape bwanji, wina akuti nyumba yonse yadzadza nthata. Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti nthata yaikazi imodzi imatha kuikira mazira mpaka 50 pa tsiku, ndipo mazirawo samamatirira pa galu, amagwera pomwe iye amagona. Zomwe mumaziona zikuyenda mu ubweya ndi zochepa chabe, pafupifupi 5 pa 100 zilizonse, zina zonse ndi mazira ndi timphutsi tobisala m'zogonera ndi m'ming'alu. Ndiye kushoni yosachapika si bedi, ndi khola la nthata, ndipo ndinasoka ndi manja angawa.

Choopsa kwambiri, kagalu ka mayi ena kanang'amba nsalu yofewa ija nkumeza chidutswa cha siponji, chinakatseka m'matumbo mpaka kanachitidwa opaleshoni. Usiku umenewo sindinagone. Kanachira, tikuthokoza Mulungu, bilu tinalipira ife, onse odandaula tinawabwezera ndalama zawo, ndinagulitsa mashini anga amodzi osokera kuti zikwane. Wa siponji uja foni anasiya kuyankha mpaka lero, ndamva akugulitsabe, amene mukugula kwa iye muzifinya katundu yense osati sampulo yokha.

Amuna anga ankati tingosiya tibwerere ku mipando. Ine ndinakana, mwina ndi makani chabe.

Kuchokera pamenepo kava iliyonse ili ndi zipi, ndipo zipiyo timaibisa kunsi komwe mano safika. Mumavula, kuchapa ndi madzi otentha a madigiri 60 kamodzi pa sabata, kuyanika padzuwa, basi. Mkati muli nsalu ina yosalowa madzi kuti mkodzo usafike pa siponji. Tiagalu tosakwana miyezi 7 sititigulitsira bedi ya siponji olo mutakakamira, nthawi imeneyo tiagaluto timakhala tikusintha mano ndiye timatafuna chilichonse, ife timakupatsani ya tenti yokhayokha. Yomweyonso ndi yabwino nthawi yotentha poti mphepo imadutsa kunsi, paja galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu kuja, ndipo thupi lake ndi lotentha kale, madigiri 38 mpaka 39.

Makola nawo anthu amalakwitsa, amafuna chachikulu kuti zioneke kuti galu amamukonda. Likhale loti aimirire, atembenuke, agone atatambasula miyendo, likakulitsa silisunga kutentha nthawi yozizira. Pansi timakweza kuti chinyontho chisalowe, khomo lisayang'ane komwe kumachokera mphepo, ndipo malata opanda thabwa kunsi kwake masana amasanduka uvuni. Za matailosi ndisaiwale, galu wokalamba amaterereka mpaka kuopa kuyenda m'nyumba mwake momwe, timphasa tosaterera timasokanso.

Ndithokoze tsopano. Amuna anga, bambo a ana, mwapirira makani anga ndi utuchi m'nyumba, zikomo. Achemwali anga omwe anatibwereka ndalama ena atatiseka, osafunsa ndi chikole chomwe. Anyamata athu awiri a kushopu omwe anagwira miyezi ija malipiro akuchedwa osanyanyala. Dokotala wa ziweto uja yemwe ndimamuvutitsa ndi mafunso ngakhale usiku. Makasitomala omwe munatibwezera katundu mwaulemu osatinyoza pagulu, ndipo koposa onse mayi a kagalu kaja, munali ndi chifukwa chotida koma munabweranso kudzaoda bedi yayikulu katakula, ine ndinalira tsiku limenelo. Ndi inu nonse amene mumatitumizira zithunzi agalu anu atagona chagada miyendo m'mwamba, musasiye, zimatipatsa mphamvu.

Mwezi uno wonse aliyense wogula bedi tikumupatsa kava yachiwiri yaulere, ina ikakhala pachingwe ina ili pabedi. Muyezeni galu wanu atagona, kuyambira pamphuno mpaka poyambira mchira, mutiuzenso zaka zake ndi ngati amatafuna zinthu, mutitumizire pa WhatsApp kapena pa Facebook. Ofuna makola odani msanga, amatenga masiku angapo ndipo kalipentala ndi mmodzi yemweyo.