Torrent sibisa munthu

Inu okonda kutsitsa mafilimu ndi nyimbo pa torrent, dziwani kuti simumangotenga ayi, mumagawanso. BitTorrent, njira yogawirana mafayilo imene torrent imagwiritsa ntchito, imadula fayilo m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kakangofika pa kompyuta yanu kamayamba kutumizidwa kwa ena, filimu isanathe n'komwe kutsitsika. Kugawako ndiye kumakulitsa mlandu wogwiritsa ntchito filimu kapena nyimbo popanda chilolezo cha eni ake.

Aliyense amene ali pa torrent yomweyo amaona IP address yanu, nambala imene imakuzindikiritsani pa intaneti. Makampani otumidwa ndi eni mafilimu amalowa momwemo mwakachetechete, n'kulemba IP, tsiku ndi ola. Akatero, eni mafilimuwo amapempha khoti kuti kampani yokugulitsani intaneti iulule dzina. Kalata imafikira amene analembetsa intanetiyo, ngakhale wotsitsayo anali mlendo wongopempha pasiwedi ya Wi-Fi. Ku America, khoti likhoza kulamula chipukuta misozi cha $750 mpaka $30,000 pa filimu imodzi, n'kufika $150,000 likaona kuti munachitira dala.

Incognito, windo lachinsinsi la browser, apa ndi yachabechabe, imangoletsa browser kusunga mbiri. VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu pa kompyuta ina, imabisadi IP, koma ikaduka kwa masekondi ochepa popanda kill switch (chozimitsa intaneti VPN ikaduka), IP yeniyeni imaonekera poyera. Ndipo "filimu" yothera ndi .exe musaitsegule, imeneyo ndi pulogalamu.