Anapiye anga ndi chiperoni

Abale inu, chiperoni cha kuno ku Mulanje sichimvera chisoni anapiye. Chaka chatha mu Juni ndinataya 7 usiku umodzi, m'mawa kuwapeza atauma gwa pakona ya khola make akungolira, mtima unandiwawa moti ngakhale phala silinalowe. Pano kamvula kaja kakangoyamba kuwaza ndimawatengera kukhitchini mu dengu, pansi chiguduli, mbaula chapatali kuti asapse, pambali madeya osakaniza ndi usipa wosinja. Amakhuta n'kugona phee.

Chitopanso musachite nacho ulesi chonde. Katemera wa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso basi, miyezi 4 iliyonse, koma nkhuku zilandire zisanadwale chifukwa chikalowa m'khola chilibe mankhwala. Zanga zilandiranso mu Ogasiti kusanatenthe, ndawauza kale alangizi.