Mavoti ndi kumasula msika, zomwe ndikuphunzira za India

Semesita ino tili pa ndale ndi chuma, ineyo ndasankha India, ndipo funso lomwe likundizunguza mutu ndi loti boma lodalira mavoti lingamasule bwanji msika, kutanthauza kuchepetsa ulamuliro wake pa malonda, pomwe omva kuwawa ndi omwewo ovota.

Mu 1991 zinthu zinathina zedi, foreki, ndalama zakunja, inatsala yongogulira katundu wakunja masabata ochepa mpaka anatumiza golide ku Bank of England ngati chikole cha ngongole. Narasimha Rao, nduna yaikulu ya India panthawiyo, analibe ndi theka lomwe la aphungu ku nyumba ya malamulo, komabe iye ndi nduna yake ya zachuma Manmohan Singh anagwetsa mphamvu ya rupee, ndalama ya dzikolo, kawiri, pa 1 ndi pa 3 Julaye, kenako pa 24 n'kuchotsa malaisensi ambiri omwe munthu ankayenera kutenga asanatsegule fakitale. Zinadutsa, poti za laisensi ya fakitale mlimi sizimukhudza m'thumba lero lomwe, ndi nkhani ya mabwana m'maofesi. Koma atangokweza feteleza ndi 40 peresenti, aphungu a Congress, chipani chake chomwe, anakwiya mpaka boma linatsitsa kufika pa 30 ndipo alimi ang'onoang'ono n'kuwasiya pa mtengo wakale.

Apa mpomwe ndaona kuti ndale zimasankha chosintha ndi chosiya. Lamulo loti fakitale ya antchito 100 kapena kuposa iyambe yapempha boma isanachotse anthu linakhala zaka zambiri osaligwira, ndipo pomwe linayamba kusintha kunali kuzigawo, chigawo cha Rajasthan mu 2014 chinakweza chiwerengero cha antchitocho kufika 300, phokoso lake silinafike dziko lonse.

Ndiye taonani za Narendra Modi, ali nduna yaikulu ndipo aphungu ali nawo okwanira, mu 2020 anadutsitsa mwaliwiro malamulo atatu omasula msika wa zaulimi, alimi a m'zigawo za Punjab ndi Haryana anakamanga misasa m'misewu yolowera Delhi chaka chathunthu, pofika Novembala 2021 anawachotsa onse, zisankho za ku Punjab ndi Uttar Pradesh zili pafupi.

Anzanga ena m'kalasi akuti demokalase imachedwetsa zinthu, ine sindikuvomera kwenikweni, Rao wopanda mphamvuyo anasintha zambiri chifukwa ankanyengerera, kubwerera pang'ono, kupitanso. Chikundiwawa n'choti njira yachinunuyi imayenda bwino anthu wamba akapanda kudziwa zomwe zikuchitika, ndipo eseyi yanga ndikufuna ikhale pamenepo, kuti waganyu wopanda munda, wopanda bungwe lomuyankhulira, sangatseke msewu wa ku Delhi chaka chonse ngati mlimi wa thirakitala.