Mitu ya 150, 165 ndi 180: pamene ndafika ndi mfuti yanga ya .308

Patha milungu itatu ndikuyesa mitu ya zipolopolo yolemera mosiyanasiyana pa mfuti yanga ya .308 Winchester, ndipo ndati ndilembe zimene ndaona ndisanaziiwale. Ndinadzaza zigoba, timachubu tachitsulo tosungira wonga, ndi mitu ya ma grain (muyeso wa kulemera kwa zipolopolo) 150, 165 ndi 180, imene pa sikelo ya magalamu imalemera pafupifupi 9.7, 10.7 ndi 11.7. Mtima wanga unali pa 180, chifukwa nyama imene ndimasaka kawirikawiri ndi nguluwe, ndipo mutu wolemera ndiwo umalowa mozama ukakumana ndi chikopa chokhuthala komanso fupa la paphewa.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti mpope wa mfuti umalabadira kwambiri kutalika kwa mutu kusiyana ndi kulemera kwake. Mizere ya mkati mwa mpope wanga imazunguliza chipolopolo kamodzi pa mainchesi 12 alionse, pomwe mfuti zambiri zatsopano za .308 zimachizunguliza mofulumirirapo, kamodzi pa mainchesi 10, ndipo mutu ukakhala wautali umafuna kuzungulira mofulumira kuti uuluke osagwedezeka. Mitu ya 180 imene ndinagula inali ya kopa yekhayekha. Popeza kopa ndi wopepuka poyerekeza ndi mtovu, mutu wotere umayenera kutalika kuti ufike pa kulemera komweko. Pa mtunda wa mamita 100 zipolopolozo zinamwazikana pa chandamale, ndipo mabowo awiri anali otalikira mbali imodzi m'malo mokhala ozungulira, kusonyeza kuti mutu unafika utapendekeka. Kuwonjezera apo, chigoba cha .308 n'chachifupi, mamilimita 51 okha, moti mutu wautali umamira mkati n'kulanda malo a wonga.

Ya 150 inalibe vuto lililonse, ndipo phewa silinadandaule. Liwiro lake limayandikira mamita 860 pa sekondi, pomwe ya 180 imasewera cha pa 800. Kwa gwape mutu umenewu ndi wokwanira, koma pa nguluwe yaikulu sindiudalira kwenikweni.

Imene yandikhutiritsa ndi ya 165, ya mtovu wokutidwa ndi kopa, chifukwa mabowo asanu anaunjikana pamalo oti ndingawaphimbe ndi zala ziwiri, ndipo ndinabwereza zimenezi masiku awiri osiyana kuti ndisanamizidwe ndi mwayi wa tsiku limodzi. Pa mutu uliwonse ndinayambira pa mlingo wotsikitsitsa wa wonga umene buku la opanga mituyo limapereka, n'kumakweza pang'onopang'ono ndikuyang'anitsitsa zigoba zowombedwa, pakuti mlingo woyenera mutu wa 150 ukhoza kukhala woopsa ukaikidwa pansi pa mutu wa 180.

Mitu ya kopa yotsalayo ndaiika pambali. Mlungu wamawa ndiyesa ya 180 ya mtovu yokhala ndi tsinde lafulati, imene ndi yaifupi ndithu, kuti ndione ngati mpopewu ungaivomere.