Sabata yonse, maola atatu okha

Ndangotsegula Strava, app ya pafoni yowerengera maola amene ndachita masewera olimbitsa thupi, ndili pakhonde, tiyi akuzizira m'kapu. Sabata yathayi: maola atatu ndi mphindi 20, pomwe pulani yokonzekera mpikisano wa triathlon (kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga) inali ya maola asanu ndi atatu. Kusambira, ziro. Njinga ili pomwe ndinaitsamiritsa Lolemba, tayala lakumbuyo mpaka laphwa.

Lachiwiri ndinali pa M1 kupita ku Mzuzu pa ntchito, kubwerako Lachinayi usiku msana uli gwa. Loweruka chinkhoswe cha mlamu wanga ku Mitundu, ine wonyamula mipando ndi makireti a Fanta mpaka dzuwa kulowa. Thukuta limenelo wotchi siwerenga ayi. Ndinangokwanitsa kuthamanga katatu, kamodzi mbandakucha ku Area 18 agalu akundiuwa.

Mtima umafuna ndibweze ngongole yonse sabata ino, koma akunyumba angondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, mwaiwala bondo lija?" Akunena zoona. Chaka chatha ndinaunjika maola otayika m'masiku asanu, bondo n'kutupa, mwezi wathunthu ndili pampando. Ulendo uno sindibweza kanthu. Mpikisano udakali patali, ndipo makilomita 40 a njinga ndi 10 othamanga sakundiopsa kwenikweni. Ondisowetsa tulo ndi mamita 1,500 a m'madzi aja, chifukwa nsapato umaponya m'chikwama n'kuthamanga kulikonse komwe wagona, koma dziwe sunganyamule. Ndiye sabata ino ndisambira kawiri, Lamulungu tonse ku Senga Bay, ana pamchenga, ine m'nyanja. Alipo ali ndi pampu ya njinga kufupi ndi 18?