Ulendo wokaona mipeni ya mnyamata wina wosula

Loweruka lapitali ndinakhala maola anayi m'basi kupita kwa mnyamata wina wosula mipeni amene zithunzi zake ndakhala ndikuziona pa Facebook, chinandikoka kwenikweni ndi kamzere kokhotakhota ngati mitambo kamene kamaoneka pa mipeni yakeyo, ku Japan amakatchula kuti hamon. Za m'njira ndisakutayitseni nazo nthawi, linali fumbi lokhalokha.

Ndinakapeza kashedi ka malata, makala, nyundo ziwiri ndi chidebe cha oyilo wakuda bii. Mwini wake ngwamng'ono zedi koma manja ake ndi zipsera zokhazokha. Anayala mipeni isanu pathabwa n'kuyamba kundifotokozera, akuti amamata dongo kumsana kwa mpeni n'kusiya mbali yodulira, ndiye amawotcha mpaka maginito atasiya kugwira chitsulocho, zimenezi zimachitika pa madigiri 770, amapitirizako pang'ono mpaka cha m'ma 800 kenako n'kuunyika mu oyilo muja. Popanda dongo pamazizira msanga n'kulimba gwa, pamene pali dongo pamatsala pofewerapo, kamzere kaja ndi malire a ziwirizi basi, si zojambula ayi. Akatero amauika mu uvuni pa madigiri 200 maola awiri, maulendo awiri, apo ayi ungaphwanyike ngati galasi. Kuti kamzereko kaoneke bwino amapala mpeniwo mpaka usalale n'kuunyika mu mankhwala odya chitsulo pang'ono otchedwa ferric chloride.

Ine ndinapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa tupa, paja tupa imaterereka pa chitsulo cholimba koma imaluma chofewa. Anaseka. "Madala, mwabwera kudzandiyesa mayeso eti?" Ndinati eya mphwanga, maso amanama.

Ndinayamba ndi mpeni wokongola kuposa yonse, wa mtundu wa chitsulo wotchedwa W2. Pakati tupa imangoterereka osaluma ngakhale pang'ono, koma nditafika chakunsonga ndinamva kuti yaluma. Titaupendeketsa padzuwa tinaona kuti kamzere kaja katsika mpaka kugunda mbali yodulira kutatsala masentimita awiri kuti kafike kunsonga, ndiye kuti dongo linatsetsereka pomwe amawotcha ndipo nsonga yonseyo sinalimbe. Pachithunzi simungazione zimenezi, ine ndemwe ndinachiyang'ana kangati pafoni osaona kanthu.

Panalinso wina wosaoneka bwino womwe anauika kumapeto ngati akuchita nawo manyazi, anausula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto. Kamzere kalibe, ndipo si vuto lake mnyamatayo, zitsulo za masipuling'i ngati mtundu wotchedwa 5160 zimasakanizidwa ndi chromium ndiye zimalimba ngakhale pansi pa dongo pomwe. Koma tupa inaterereka kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, ndinadula nawo chingwe mpaka dzanja kuwawa ndipo umametabe cheya cha pamkono.

Ndinatenga umenewo. Pomwe ndimathamangira basi yomaliza iye anali atayamba kale kugulula chigwiriro cha wa W2 uja kuti aubwezere pamoto.