Zikomo kwa inu amene munandikhazika pabenchi

Lero latha chaka chivundukulireni makina anga osokera, ndipo sikungakhale chilungamo kukhala chete ngati kuti ndinadzuka ndekha. Mkazi wanga atatisiya, ndinaphimba makinawo ndi chitenje chake, ndipo kwa miyezi 7 sindinawakhudze. Tulo tinasowa, nsima inkazizirira m'mbale, ndipo makolo ofuna mayunifolomu a ana awo anagogoda pachitseko mpaka anatopa. Popeza tinakula tikumva kuti mwamuna salira, aliyense wondifunsa ndinkangomuyankha kuti ndili bwino.

Ndiyambe ndi inu alamu anga, amene munandikoka ngati mwana wokana sukulu mpaka kukiliniki ya kwathu kuno ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Mumtima ndinkakwiya poganiza kuti mwandiyesa wamisala, koma chimene ndinapeza ndi benchi yamatabwa panja, pamthunzi, agogo atakhalapo ndi kope m'manja. Ntchito imeneyi ndi ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anaiyambitsa ku Mbare, mumzinda womwewu, mu 2006 pophunzitsa agogo a m'madera kuthandiza anthu ovutika ndi chimene anzathu olankhula Chishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyezo.

Agogo, dzina lanu sinditchula, koma mawu awa ndi anu. Tsiku loyamba munandifunsa mafunso 14 okhudza tulo, maloto oipa, kupweteka kwa m'mimba ndi zina, ndipo pa funso la maganizo ofuna kudzipha, pamene ndinazolika n'kumakanda pansi ndi nsapato, simunandifulumizitse kapena kunditsegulira vesi. Munangodikira mpaka ndinavomera. Kenako munati nditchule mavuto anga onse, ndisankhepo limodzi loti tiyambe nalo. Ine ndinkayembekezera kuti tikamba za imfa, koma pakamwa panga panatuluka ngongole imene ndinatenga pa maliro, yomwe inkandichititsa kuzemba msewu wa mwini ndalamayo. Simunandiuze chochita. Munandifunsa njira zimene ine ndikuziona, tinazipima imodziimodzi, ndipo ntchito imene ndinadzipatsa sabata imeneyo inali yongothira mafuta m'makina. Ena angaseke, koma kwa munthu amene ankalephera ngakhale kumeta ndevu, botolo la mafuta lija linali katundu wolemera. Tinakumana maulendo 6, ine ndikusakaniza Chishona ndi Chichewa, inu mukumva zonse, ndipo za mkazi wanga ndinadzazikamba ndekha pa ulendo wachinayi, misozi ili chuchuchu.

Kwa abusa athu, zikomo chifukwa simunanene kuti ndachepa chikhulupiriro, koma munati pemphero ndi uphungu sizilimbana. Amayi a Chigwirizano, ufa ndi nkhuni zimene munkabweretsa mwakachetechete ndinkaziona, ngakhale kuti nthawi imeneyo sindinkatuluka kudzakulonjerani, mundikhululukire. Mwana wanga, unasenza khomo uli wamng'ono, ndipo mangawa amenewo sindidzatha kukubwezera.

Chisoni sichinathe, ndipo masiku ena chimandipezabe ndili pakati pa msoko, koma tsopano ndimachidziwa chikamabwera, ndimaimitsa makina, n'kuimbira foni alamu m'malo modzitsekera m'nyumba. Ngongole ija ndinamaliza kubweza mwezi wathawu.

Agogo, Lachiwiri ndikubwera ndi tepi kudzakuyesani diresi. Munakana kawiri konse, ndipo ulendo uno nsalu ndagula kale.